Mbiri ya kampani ya Zoom: mafunso ndi mayankho

Ambiri aife dzina la Zoom tinalimva koyamba mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseka masukulu, maofesi ndi mabwalo a ndege. Mwadzidzidzi msonkhano wa kuntchito, kalasi ya ku koleji, mapemphero a Lamlungu, ngakhale mwambo wa maliro kwa wachibale amene ali ku Johannesburg kapena ku Leeds, zonse zinasamukira pagalasi la foni. Ena ankayesa kuti kampaniyi yangotumphuka ngati bowa wa mvula zoyamba. Si choncho ayi. Mliri unaipeza itagwira kale ntchito zaka pafupifupi 9, ikulimbana ndi vuto limodzi lomwe aliyense wokhala kumene netiweki imavuta amalidziwa bwino: kuti anthu awiri otalikirana aonane ndi kumvana popanda mawu kudukaduka. M'munsimu muli mafunso amene anthu amakonda kufunsa pa za kampaniyi.

Kodi Zoom anaiyambitsa ndani?

Anaiyambitsa ndi Eric Yuan, injiniya wa mapulogalamu a kompyuta amene anabadwa mu 1970 ku Tai'an, m'chigawo cha Shandong ku China. Ku yunivesite anaphunzira masamu. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti ganizo loonana ndi munthu wakutali linamufikira adakali mwana wasukulu, pamene ankayenda ulendo wa maola 10 pasitima yapamtunda kukaona bwenzi lake, amene pambuyo pake anadzakhala mkazi wake. Ulendowo unali wotopetsa, ndipo ankalakalaka patakhala kachipangizo koti n'kumamuona mtsikanayo popanda kukwera sitima.

Intaneti itayamba kufala, Yuan anaona kuti ntchito imene mtima wake ukufuna ili ku America. Anapempha viza, anamukaniza. Anapemphanso, anamukanizanso, mpaka maulendo 8. Anaipeza ulendo wachi 9, ndipo anafika ku California mu 1997 asakudziwa bwino Chingelezi. Aliyense amene anaimapo pamzere wa viza, atanyamula fayilo ya mapepala ndi ndalama zobwereka, akudziwa mmene mtima umaswekera ukakanidwa kamodzi kokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwa bamboyu mwambiwu unapherezera.

Nanga asanayambitse Zoom ankagwira ntchito kuti?

Anapeza ntchito ku WebEx, kampani yaing'ono pa nthawiyo, imene inkapanga pulogalamu yochitira misonkhano pa intaneti. Anali mmodzi mwa mainjiniya oyambirira kwenikweni. Mu 2007 kampani yaikulu ya Cisco inagula WebEx pa mtengo wa madola 3.2 biliyoni, ndipo Yuan anakwera mpaka kukhala mmodzi wa mabwana oyang'anira mainjiniya. Ndiye kuti pamene ankayambitsa Zoom sanali mlendo pa ntchitoyi. Anali atatha zaka 14 akumva madandaulo a anthu ochita misonkhano pa intaneti.

N'chifukwa chiyani anasiya ntchito yabwino chonchi?

Chifukwa cha madandaulo omwewo. Yuan amanena kuti akamacheza ndi makasitomala a WebEx sankapezapo wosangalala. Pulogalamuyo inapangidwa m'nthawi imene anthu ankangofuna kuonetsana zolemba pakompyuta uku akulankhulana pa telefoni. Kanema anachita kuwonjezeredwa pamwamba, ngati chipinda chomangidwa pa maziko amene sanakonzedwere chipindacho. Kulowa mu msonkhano kunkachedwa, mawu ankatsalira m'mbuyo, ndipo pamafoni amakono, amene anali atangoyamba kufala, zinthu sizinkayenda bwino.

Iye anapempha mabwana ake kuti pulogalamuyo aimange mwatsopano kuyambira pansi, poganizira kanema ndi foni za m'manja. Sanamuvomere. Mu 2011 anatula pansi udindo, ndipo mainjiniya pafupifupi 40 anamutsatira. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa mmene anthu amaitchulira. Anthu 40 a mabanja awo sangasiye malipiro otsimikizika kutsatira munthu amene sakumukhulupirira.

Ndalama zoyambira zinavuta. Oika ndalama m'makampani atsopano ankati msika wadzaza kale: kunali Skype, imene Microsoft inagula chaka chomwecho pa madola 8.5 biliyoni, kunali Google, kunali GoToMeeting, kunalinso Cisco yemweyo. Amene anamuthandiza ndi anthu omudziwa kale, kuphatikizapo Subrah Iyar, mmodzi mwa oyambitsa WebEx. Onse pamodzi anasonkha madola 3 miliyoni.

Dzina lakuti Zoom linachokera kuti?

Poyamba kampaniyi inkatchedwa Saasbee. Dzina lakuti Zoom linabwera mu 2012, ndipo amene analipereka analitenga pa mutu wa kabuku ka ana. Ndi lalifupi, losavuta kutchula m'chilankhulo chilichonse, n'chifukwa chake ngakhale kwathu kuno timangoti "tikumana pa Zoom" popanda lilime kupunthwa. Likulu lake lili ku San Jose, ku California.

Kodi Zoom ndiyo inayambitsa kuimbirana foni moonana?

Ayi. Kampani ya matelefoni ya ku America ya AT&T inaonetsa telefoni ya kanema yotchedwa Picturephone pa chionetsero cha ku New York mu 1964, koma inali yodula kwambiri ndipo anthu sanaigule. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, misonkhano ya pakanema inali ya makampani olemera okha, amene ankagula makina apadera n'kuwaika m'chipinda chimodzi chosankhika. Skype, imene inayamba mu 2003, ndiyo inafikitsa kuimbirana pa intaneti kwa anthu wamba. Zoom inabwera mochedwa, ikupeza ena atakhazikika kale.

Ndiye inapambana bwanji pakati pa akuluakulu onsewa?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Zoom sinabweretse chinthu chachilendo. Inangochotsa minga panjira imene ena anaisiya.

Choyamba, wolowa mu msonkhano sankafunika kutsegula akaunti. Woitanitsa msonkhano amatumiza linki, inu n'kudina, basi mwalowa. Kwa amene anavutikapo kufotokozera gogo kapena bwana wachikulire mmene angalembetsere dzina ndi pasiwedi pa pulogalamu yatsopano, kusiyana kumeneku si kochepa. Chachiwiri, pulogalamuyo inkagwira ntchito mofanana pa kompyuta ya Windows, pa Mac, pa iPhone ndi pa foni za Android, pamene ena ankakondera zipangizo zawo zokha.

Chachitatu ndi chimene ine ndimachilemekeza kwambiri. Zoom inamangidwa poyembekezera kuti netiweki idzavuta. Pulogalamuyo imakhala ikuyeza mphamvu ya intaneti ya munthu aliyense amene ali mu msonkhano. Ikaona kuti wina netiweki yafooka, imachepetsa kuoneka bwino kwa chithunzi chake kuti mawu apitirire kumveka, ndipo sichititsa kuti onse avutike chifukwa cha mmodzi. Amene ali ndi intaneti yamphamvu amalandira chithunzi chosalala, amene ali ndi yofooka amalandira chosaoneka bwino, koma onse akumva zimene zikukambidwa. Mainjiniya ake anazindikira kuti munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma sapirira mawu odukaduka.

Pulogalamu yoyeserera inatuluka mu 2012 ndipo inkalola anthu 15 nthawi imodzi. Yunivesite ya Stanford inali m'gulu la makasitomala oyambirira. Mu Januwale 2013 inatuluka yeniyeni, yolola anthu 25, ndipo pofika Meyi chaka chomwecho anthu oigwiritsa ntchito anali atakwana 1 miliyoni. Mu 2017 kampani ya Sequoia Capital inaikamo madola 100 miliyoni, zimene zinapangitsa kuti Zoom iwerengedwe kuti ndi ya madola 1 biliyoni.

Ngati ndi yaulere, ndalama imazipeza bwanji?

Yaulere ili ndi malire. Msonkhano umalola anthu 100 ndipo umaduka pakatha mphindi 40. Mphindi zimenezi n'zokwanira kuti mulawe ubwino wake, koma n'zosakwanira msonkhano wa bodi kapena kalasi yathunthu. Ofesi ikatopa ndi kudukidwa pakati pa nkhani, imalipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka. Ndalama zambiri zimachokera ku makampani, mayunivesite, zipatala ndi maboma amene amalipirira antchito awo ambirimbiri. Kale msonkhano wa anthu awiri okha unalibe malire a nthawi, koma kuyambira mu 2022 nawonso umaduka pa mphindi 40.

Inalowa liti pamsika wa masheya?

Pa 18 Epulo 2019, pamsika wa Nasdaq ku New York. Sheya imodzi inayamba pa madola 36, ndipo pofika madzulo a tsiku lomwelo inali pa madola 62. Chimene chinadabwitsa ambiri n'chakuti Zoom inali ikupanga kale phindu, pamene makampani ena otchuka amene analowa pamsika chaka chomwecho, monga Uber ndi Lyft, ankangoluza ndalama.

Panachitikanso chisokonezo. Pamsika Zoom imadziwika ndi zilembo ZM, koma panali kakampani kena kosagwirizana nayo, Zoom Technologies, kamene kankadziwika ndi zilembo ZOOM. Anthu ambiri anagula masheya a kakampanika molakwitsa, mpaka mu Malichi 2020 bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America linaimitsa kaye malonda ake.

Chinachitika n'chiyani kwenikweni mu 2020?

Mu Disembala 2019, chiwerengero chachikulu cha olowa m'misonkhano ya Zoom pa tsiku chinali 10 miliyoni. Bungwe la WHO linalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, ndipo mwezi womwewo chiwerengerocho chinafika 200 miliyoni. Mu Epulo chinafika 300 miliyoni. Tisamale pomva nambalayi: si anthu 300 miliyoni osiyanasiyana, chifukwa munthu akalowa misonkhano isanu pa tsiku amawerengedwa kasanu. Kampaniyo poyamba inalemba ngati ndi anthu osiyanasiyana, kenako inavomera kuti inalakwitsa n'kukonza.

Ngakhale zili choncho, kukula kowirikiza ka 30 m'miyezi inayi n'chinthu chimene makina ambiri sangachipirire, koma Zoom sinagwe. Inachotsanso malire a mphindi 40 ku masukulu a m'mayiko angapo kuti ana aziphunzira ali kunyumba. Nduna za boma la Britain zinachitirapo msonkhano, makhoti anaweruzirapo milandu, anthu anamangirapo maukwati. Ndalama zimene kampaniyo inalandira zinachoka pa madola 623 miliyoni m'chaka chothera mu Januwale 2020, kufika pa madola 2.65 biliyoni chaka chotsatira. Mu Okutobala 2020 sheya imodzi inadutsa madola 550, ndipo kwa kanthawi Zoom inkawerengedwa kuti ndi ya mtengo wapatali kuposa ExxonMobil, kampani ya mafuta yakalekale. Magazini ya Time inasankha Yuan kukhala munthu wa bizinesi wa chakacho.

Nanga nkhani zakuti anthu osaitanidwa ankalowerera misonkhano zinali zoona?

Zinali zoona, ndipo zinapweteka anthu. Walira mvula walira matope: kuphweka komweko kumene kunakweza Zoom ndi kumene kunatsegulira khomo anthu oipa. Msonkhano uliwonse unali ndi nambala yake, ndipo ambiri sankaika pasiwedi. Wina akapeza linki pa Twitter kapena Facebook, kapenanso akangoyesa manambala mwachisawawa, ankalowa n'kuyamba kutukwana kapena kuonetsa zithunzi zolaula pamaso pa ana asukulu ndi anthu opemphera. Mchitidwewu unapatsidwa dzina lakuti Zoombombing. Kumapeto kwa Malichi 2020 ofesi ya ku Boston ya FBI, bungwe lofufuza milandu ku America, inachenjeza anthu za vutoli. Masiku omwewo nduna yaikulu ya Britain, Boris Johnson, anaika pa Twitter chithunzi cha msonkhano wa nduna zake, nambala ya msonkhano ikuonekera pakona. Mu Meyi, msonkhano wa komiti ina ya nyumba ya malamulo ku South Africa unasokonezedwa ndi zithunzi zolaula, ndipo sipikala Thandi Modise ananyozedwa.

Panali zina zozama kuposa apa. Zinadziwika kuti pulogalamu ya pa iPhone inkatumiza ku Facebook mbiri ina yokhudza foni ya munthu, ngakhale munthuyo alibe akaunti ya Facebook. Chaka cha 2019 katswiri wina anali atapezanso kuti pa makompyuta a Mac, Zoom inkasiya kapulogalamu kobisika kamene kakanatha kuyatsa kamera mwini wake asakudziwa, mpaka Apple inachita kukachotsa yokha.

Cholakwa chachikulu chinali pa nkhani ya kubisa uthenga. Mawu ndi zithunzi zikamayenda pa intaneti zimatsekedwa ngati m'bokosi, ndipo funso n'lakuti kiyi ali ndi ndani. Zoom inkalengeza kuti kiyi amakhala ndi okhawo amene ali mu msonkhano, pamene zoona zake makiyi ankapangidwa ndi kusungidwa pa makompyuta a kampaniyo. Ofufuza a Citizen Lab ku yunivesite ya Toronto anapezanso kuti makiyi ena ankadzera ku China. Pamenepa sindingaiikire kumbuyo. Dokotala wokambirana ndi wodwala, kapena loya wokambirana ndi kasitomala wake, anakhulupirira lonjezo limene silinali loona. Masukulu a mumzinda wa New York, kampani ya SpaceX ndi boma la Taiwan analetsa kuigwiritsa ntchito.

Kampaniyo inachitapo chiyani?

Pa 1 Epulo 2020 Yuan anapepesa poyera, ndipo analengeza kuti kwa masiku 90 mainjiniya asiya kupanga zinthu zatsopano kuti akonze chitetezo chokha. Pasiwedi ndi chipinda chodikirira, mmene mlendo amaima mpaka mwini msonkhano amulole, zinayamba kubwera zoyatsa kale. Anaitana Alex Stamos, amene kale ankayang'anira chitetezo ku Facebook, kuti akhale mlangizi. Mu Meyi anagula kampani ya Keybase, ya akatswiri obisa uthenga, ndipo mu Okutobala njira yoti kiyi akhale ndi ochita msonkhano okha inayamba kupezeka, kwa olipira ndi osalipira omwe.

Kupepesa sikunafafanize mlandu. Mu Novembala 2020 bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, linagwirizana ndi Zoom kuti chitetezo chake chiziunikidwa ndi anthu akunja kwa zaka zambiri, ndipo mu 2021 kampaniyo inavomera kulipira madola 85 miliyoni pa mlandu umene oigwiritsa ntchito ku America anaisumira.

Kodi Zoom ndi kampani ya ku China?

Ayi, ndi ya ku America, ndipo Yuan anakhala nzika ya America mu 2007. Koma funsoli silinangochokera pa nkhope ya mwini wake. Kampaniyo inali ndi mainjiniya mazanamazana ku China, kumene malipiro anali otsika, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene inkapangira phindu msanga. Mu Juni 2020 inavomera kuti, boma la China litapempha, inatseka maakaunti a anthu ena a ku America ndi ku Hong Kong amene ankachita misonkhano yokumbukira anthu ochita zionetsero ku bwalo la Tiananmen ku Beijing amene anaphedwa mu 1989. Inati inalakwitsa ndipo inatsegulanso maakauntiwo. Mu Disembala chaka chomwecho, oimira boma la America pa milandu anatsegulira mlandu wantchito wina wa Zoom wa ku China chifukwa chosokoneza misonkhano imeneyi, ndipo kampaniyo inamuchotsa ntchito. Anthu amene anatsekeredwawo sankaphwanya lamulo lililonse la kumene ankakhala, ndipo kwa ine ili ndi banga lalikulu pa mbiri ya kampaniyi.

Mliri utatha, zinthu zinayenda bwanji?

Anthu anabwerera ku maofesi ndi m'makalasi, ndipo opikisana nayo anali atadzuka. Google inatsegula pulogalamu yake ya misonkhano, Meet, kwa aliyense mwaulere mu 2020. Microsoft inkapereka yake, Teams, pamodzi ndi Word ndi Excel, kotero maofesi ambiri anayamba kufunsa chifukwa cholipirira Zoom padera. Mu 2021 Zoom inafuna kugula kampani ya Five9 pa madola 14.7 biliyoni kuti ikulitse malonda ake, koma eni masheya a Five9 anakana. Pofika kumapeto kwa 2022 sheya ya Zoom inali pansi pa madola 70.

Mu Febuluwale 2023 anthu 1,300, omwe ndi 15 pa 100 alionse a antchito ake, anachotsedwa ntchito. Yuan anavomera kuti analemba anthu ambiri mofulumira, ndipo anadula malipiro ake a chakacho ndi 98 pa 100. Mu Ogasiti chaka chomwecho kampaniyo inauza antchito okhala pa mtunda wosapitirira makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku ofesi kuti azibwera masiku awiri pa sabata. Ambiri anaiseka, koma ine sindiona chachilendo. Kuonana pagalasi kumathandiza pamene mtunda watilekanitsa, koma wantchito watsopano amaphunzira zambiri pokhala pafupi ndi anzake.

N'chifukwa chiyani misonkhano ya pa Zoom imatopetsa chonchi?

Pulofesa Jeremy Bailenson wa ku Stanford analemba za izi mu 2021 ndipo anatchula zifukwa zinayi: kuyang'anizana ndi nkhope zambiri pafupi kwa nthawi yaitali, kumangodziona wekha ngati uli pakalilole, kukhala malo amodzi osasuntha, ndi ubongo kugwira ntchito yowonjezera pomasulira zizindikiro za thupi zimene pamasom'pamaso timazimva mosavuta. Yuan naye anavomera kuti anatopapo, atachita misonkhano 19 motsatizana tsiku limodzi. Kubisa chithunzi chanu kuti musamadzione kumathandiza ndithu.

Nanga kwathu kuno inatifika bwanji?

Inatifika mosiyana. Masukulu a m'Malawi atatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ana ambiri sakanatha kuphunzira pa Zoom chifukwa kunyumba kulibe foni yamakono, magetsi kapena ndalama ya bandulo, ndipo boma linadalira kwambiri maphunziro a pa wailesi. Amene anaigwiritsa ntchito kwambiri ndi mabungwe, maofesi a m'tauni, mipingo ina ndi abale okhala kunja amene malire atatsekedwa analephera kubwera kudzaika maliro. Pa nkhani za m'banja za tsiku ndi tsiku, WhatsApp ndiyo inakhalabe patsogolo.

Kanema ndiye amadya bandulo. Malinga ndi Zoom yomwe, mawu okha amafuna pakati pa 60 ndi 80 kbps (muyeso wa data yodutsa pa sekondi iliyonse), pamene kanema wa anthu awiri amayambira pa 600 kbps. N'chifukwa chake mnzanu akazimitsa kamera mu msonkhano musafulumire kumuyesa wamwano kapena waulesi. Kawirikawiri amakhala akusunga bandulo kuti afike nanu kumapeto kwa zokambirana.

Lero kampaniyi ili pati?

Ilipo, ndipo imalandira ndalama zopitirira madola 4 biliyoni pachaka, ngakhale kuti sikukulanso mothamanga ngati kale. Ikuyesetsa kuti isadziwike ndi misonkhano yokha. Ili ndi Zoom Phone, telefoni ya m'maofesi yodzera pa intaneti imene inayamba mu 2019, ndipo mu 2023 inatulutsa AI Companion, imene imamvetsera msonkhano n'kulemba mfundo zake mwachidule. Chaka chomwecho anthu anakwiya ataona kuti malamulo ake atsopano akuoneka ngati akuilola kuphunzitsira makinawa mawu ndi zithunzi za makasitomala, ndipo kampaniyo inasintha malamulowo n'kulemba momveka kuti sidzachita zimenezo. Mu Novembala 2024 inachotsa liwu lakuti Video m'dzina lake, kuchoka pa Zoom Video Communications kukhala Zoom Communications. Skype, imene oika ndalama aja ankati Yuan sangalimbane nayo, Microsoft inaitseka mu Meyi 2025.